Ulendo wa kunyanja: wotchipa inde, koma onse abwereko

Tsiku la msika pa Nsaru, pa Mpingu kapena pa Namitete usipa susowa. Umabwera m'matumba ndi m'madengu kuchokera kunyanja, amayi n'kugula kamulu kamodzi kapena tiwiri kuti ana adyere nsima madzulo. Nayo mvula ikagwa m'minda ya ku Namitete, madzi ake amatsetserekera mumtsinje wa Namitete, kulowa mu Bua, mpaka kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Madzi a mumtsinje wa Lilongwe amakalowa mu Linthipe n'kukathira ku Salima. Chaka ndi chaka nsomba zimakwera, madzi amatsika. Osayenda ndi anthu okha.

Alipo agogo ku Kabudula amene akalamba akudya usipa koma nyanja sadaione ndi maso. Ana a ku Nambuma amajambula mapu a nyanja ya Malawi m'makope, mayeso n'kukhoza, koma akafunsidwa kukula kwake amayerekeza ndi dambo la kumudzi likasefukira. Pomwe zili choncho, alendo amalipira ndalama zankhaninkhani ndi kuuluka usiku wonse kuchokera ku London kapena ku Berlin kudzaona chinthu chimene mwana wa pa Mpingu angathe kuchifika njala ya masana isanamugwire.

Ulendo wa tsiku limodzi wopita kunyanja, wonyamuka mbandakucha n'kubwerako madzulo, ndi wotheka kwa mabanja ambiri a kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe ngati atagwirizana ndi kukonzekera nthawi ilipo. Ndi ulendo woyenera kuuyenda, makamaka kaamba ka ana. Koma pali malire osayenera kudumphidwa: pofuna kupulumutsa makwacha, gulu lisakwere galimoto kapena boti loika miyoyo pachiswe. Ulendo wabwino ndi umene anthu 30 anyamuka, 30 omwewo n'kubwerako.

Si kutali monga ambiri amaganizira

Kuchoka pa Namitete kukafika mumzinda wa Lilongwe pamsewu wa Mchinji ndi makilomita pafupifupi 50. Kuchoka mumzinda, kudzera ku Kanengo n'kukhotera msewu wa M14, tauni ya Salima ili pa makilomita pafupifupi 100, ndipo gombe la Senga Bay lili makilomita ena 20 kutsogolo. Zonse pamodzi ndi makilomita 170 kapena kuposerapo pang'ono. A pa Mpingu mtundawu umafupikako poti ali kale kufupi ndi tauni. A ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma ayenera kuwerengeranso nthawi ya misewu ya kumidzi, koma m'chilimwe imeneyi imapitika. Basi yabwinobwino yonyamuka 5 koloko mmawa imakafika cha m'ma 9 koloko, ngakhale itaima pa Chezi kuti anthu awongole miyendo ndi kugulako tomato.

Njira yokhayo ndi phunziro. Chigwa cha Lilongwe chili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamene pamayambira nyanja zamchere, pomwe nyanja ya Malawi siifika ndi mamita 500 omwe. Basi ikayamba kutsika mapiri a Dowa cha ku Mvera, mwana amamva makutu kutseka, mpweya kutentha, ndipo milambe imayamba kuoneka m'mbali mwa msewu. Zimene aphunzitsi akhala akufotokoza pabolodi amazimva m'thupi mwake.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu ambiri amati kunyanja n'kwa azungu ndi mabwana? Chifukwa akamva za nyanja amaganiza za hotela. Zimene zimadya ndalama kumeneko ndi chipinda chogona, chakudya cha m'hotela ndi zakumwa. Wobwerako tsiku lomwelo safuna chipinda. Wonyamula kamba wochokera kunyumba, monga mbatata yophika, mtedza wokazinga, mazira owiritsa, mpunga wa nkhuku, zitumbuwa ndi chigubu cha thobwa, alibe ntchito ndi khitchini ya hotela. Zotsala kulipira ndi zitatu: mayendedwe, ndalama ya pageti pamalo amene amalipiritsa, ndi boti kwa ofuna kuyendako pamadzi.

Mutu umodzi susenza denga

Pa zitatuzi, chopweteka ndi mayendedwe. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi kukwera kwa mafuta kumene kudatsatira, mitengo ya mabasi siyidabwererenso pansi. Banja la anthu asanu lonyamuka palokha ku Kabudula liyenera kukwera njinga yamoto kapena matola kukafika pamsewu, minibasi kukafika mudepoti ya Lilongwe, ina ya ku Salima, kenaka galimoto ina ya ku Senga Bay. Kanayi popita, kanayi pobwerera, ndipo paliponse pali kudikira kuti galimoto idzaze. Tsiku lingathere panjira, thumba n'kubooka.

Gulu likachita hayala basi imodzi zinthu zimasintha. Mtengo umagawidwa kwa onse, palibe kusinthasintha galimoto, ndipo nthawi yonyamukira ndi yobwererako imakhala m'manja mwa eni ulendo. Magulu otere sachita kuwafunafuna. M'dera lililonse muli banki m'khonde, kwaya, amayi a mvano, miphakati, makalabu a alimi a fodya, soya ndi mtedza, komanso makomiti a makolo ndi aphunzitsi. Anthu amenewa amadziwa kale kusonkha, kulemba m'buku ndi kusunga ndalama ya gulu. Amachita zimenezi pa maliro, pa ukwati ndi pa chinkhoswe. Palibe choletsa kuchitanso chimodzimodzi kamodzi pa chaka kaamba ka chisangalalo.

Masamu ake ndi osavuta. Anthu awiri kapena atatu atumidwe kukafunsa mitengo kwa eni mabasi angapo, osati mmodzi. Mtengo umene agwirizana augawe ndi chiwerengero cha opita, aonjezerepo ya pageti, ya boti ndi kangachepe kosungira zadzidzidzi, kenaka agawenso ndi masabata otsala. Chimene chimaoneka phiri chikatchulidwa pakamodzi chimasanduka ndalama yaing'ono ya sabata ndi sabata. Mgwirizano ndi mwini basi ulembedwe papepala: ogula mafuta ndani, basi inyamuka nthawi yanji, ndipo ikawonongeka panjira zikhala bwanji. Ndalama yonse isaperekedwe ulendo usanachitike. Wina aimbiretu foni kumalo kumene gulu likupita kuti amve mtengo wa akulu ndi wa ana, ndiponso ngati amalola chakudya chochokera kunja, popeza malo ena salola. Safunsa adadya phula.

Nthawi yosonkha ndi nthawi yopita n'zosiyana, ndipo apa mpofunika nzeru. Ndalama m'madera a alimi zimapezeka kuyambira April mpaka August, pamene fodya ali pamsika ku Kanengo ndipo soya ndi mtedza zikugulidwa. Koma miyezi yomweyo, makamaka kuyambira May mpaka August, ndiyo ya mphepo ya mwera imene imautsa mafunde aakulu panyanja. Nyanja imadekha ndi kufunda kuyambira September mpaka mvula isanayambe. Vuto n'lakuti nthawi imeneyo ndi imenenso sukulu zimatsegulira ndipo feteleza ndi mbewu zimafuna ndalama. Choncho gulu lanzeru limasonkha m'masika, n'kupita m'chilimwe. Banja limene likuona kuti ulendo ukhudza ndalama ya feteleza kapena fizi ya mwana lidikire chaka china. Nyanja sithawa.

Tsiku nalo lisankhidwe bwino. Pa 15 October, tsiku la anakubala, Amalawi ambiri amakhamukira kunyanja, chimodzimodzinso pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano ndi pa Pasaka. Masiku amenewa eni mabasi amakweza mitengo, magombe amadzaza moti mwana akasowa kumupeza n'kovuta, ndipo pamsewu pamachuluka oyendetsa galimoto atalawako. Loweruka wamba la mu September kapena kumayambiriro kwa November limapereka nyanja yomweyo pamtengo wotsika ndi mtima uli m'malo. Amayi angathe kulemekezedwa tsiku lililonse.

Zimene mwana amabwera nazo

Munthu woona nyanja koyamba amayamba wakhala chete. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580, pamene yatambasuka kwambiri ndi makilomita 75, ndipo kumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Mu Africa imaposedwa kukula ndi nyanja ziwiri zokha, Victoria ndi Tanganyika. Muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake mu 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zilumba za Maleri, zimene zili kummwera kwa Senga Bay, ndi mbali ya malo otetezedwawa.

Kufupi ndi gombe la Senga Bay kuli kachilumba ka miyala ka Namalenje, kamene alendo amakatcha Lizard Island kaamba ka ng'azi zimene zimakhalapo. Kumeneko ndi kumene maboti ambiri a injini amatengera anthu paulendo wa ola limodzi kapena awiri. M'mphepete mwa miyala madzi amaoneka mpaka pansi, ndipo timbuna tobiriwira, tachikasu ndi tamizeremizere timasambira poyera. Eni maboti ena amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kuchokera mumtengo kudzaitola ndi zikhadabo. Mwana amene wakhala akuiona mbalameyi pachizindikiro cha dziko lino saiwala tsiku limene adaiona yamoyo. Ulendo wa sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, ndi wa masiku angapo ndipo ndi nkhani ina. Wa tsiku limodzi boti laling'ono limukwanira.

Ngakhale osakwera boti ali ndi zambiri zoona. Pagombe la asodzi pali mabwato, makoka akusokedwa ndi mathandala oyanikapo usipa womwe uja umathera pamsika wa Nsaru. Mphunzitsi kapena kholo lingafotokoze kuti madzi amenewa akatuluka kudzera mumtsinje wa Shire ndiwo amapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Lingafotokozenso za chilumba cha Mbenji m'boma lomweli la Salima, kumene mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kuti nsomba ziswane, ndipo nsomba zimapezekadi. Mlimi woona zimenezi amamvetsa kuti dothi lokokoloka m'munda mwake akadula mitengo ndi kulima m'mphepete mwa mtsinje limathera m'nyanja, kumene limakwirira malo oswaniranamo nsomba. Usipa ukadula pamsika, gwero lake lina limakhala kumtunda komweko.

Pamene kutchipa kumapha

Apa ndiye pagona nkhani. Gulu likaona kuti ndalama zaperewera, maganizo oyamba amakhala ofuna lole m'malo mwa basi, kapena kuthithikana anthu 25 m'minibasi ya anthu 15 ana ali pamiyendo. Msewu wa Salima uli ndi zitunda ndi makona, ndipo galimoto yolemedwa yopanda mabuleki abwino ikatsetsereka palibe woigwira. Lole ndi yonyamula matumba a chimanga. Otumidwa kukafuna galimoto aione ndi maso awo: matayala, mapepala osonyeza kuti idayesedwa ndipo ili ndi inshuwalansi, ndi chiphaso cha dalaivala. Agwirizanenso poyera kuti dalaivala sakhudza mowa tsiku lonse. Wayendetsa kuyambira mbandakucha, choncho masana apatsidwe chakudya ndi mpata wogona pamthunzi. Pofika 3 koloko masana basi ikhale itanyamuka, kuti mapiri akwereke kukuwala.

Pamadzi ngozi zake n'zoopsa koposa poti palibe potsikira. Mbiri ya dziko lino ili ndi zilonda zimene sizidapole. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanjayi mphepo itakula, ndipo anthu 145 adafa. Imeneyo idali sitima yachitsulo, yatsopano. Pa Pasaka wa 2017 boti lodzaza ndi anthu ochokera kumapemphero lidagubuduzika ku Mlowe m'boma la Rumphi, ndipo mabanja angapo adalira maliro. Kufupi konkuno, mu April 2023, bwato lonyamula anthu opita kumaliro lidagubuduzika pamtsinje wa Rusa ku Mchinji, maliro amodzi n'kubala ena. Ngozi za pamadzi zimabwerera pa zifukwa zomwezomwezo: kunyamula mopyola muyeso, kunyozera mphepo, ndi kusowa kwa majekete oyandamitsa munthu m'madzi.

Tsono gulu lisanakwere boti pali mafunso oyenera kufunsa mopanda manyazi. Botili limaloledwa kunyamula anthu angati? Majekete alipo okwanira aliyense, kuphatikizapo ang'onoang'ono a ana? Mafuta ndi okwanira kupita ndi kubwerera, ndipo injini ikazima pali nkhafi? Jekete lovalidwa ndi kumangidwa bwino munthu asanakwere ndilo limapulumutsa, osati lopindidwa pansi pa mpando. Mwini boti akanena kuti, "Kwerani amayi, malo alipo, apa m'pafupi," pomwe boti lalowa kale m'madzi mpaka m'milomo, yankho la amayiwo likhale lakuti, "Pepani achimwene, tidikira ulendo wachiwiri." Gulu la anthu 30 ligawidwe maulendo awiri kapena atatu ngakhale mtengo ukwere. Ana a banja limodzi asakwere opanda wamkulu wowayang'anira, ndipo onse akhale pansi mpaka boti litakocheza.

Mphepo nayo ili ndi eni ake oidziwa. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza pawailesi mwera ukamabwera, ndipo mtsogoleri wa gulu amvetsere usiku woti mawa ndi ulendo. Pagombe, chizindikiro chosanama ndi asodzi. Ngati akokera mabwato awo kumtunda ndipo akhala pansi, mlendo wochokera ku Namitete alibe chifukwa choyesera. Nthawi zambiri nyanja imakhala yodekha mmawa kusiyana ndi masana, choncho za boti zichitike gulu likangofika. Ndalama ya boti ikabwerera m'thumba chifukwa nyanja yakwiya, palibe chimene chatayika.

Kusambira kumafunanso malamulo. Mnyamata wozolowera kudumphira padziwe la mumtsinje wa kwawo amadziona katswiri, koma nyanja ili ndi mafunde ndi malo amene pansi pamatsika mwadzidzidzi. Wosadziwa kusambira asapitirire pamene madzi afika m'chiuno. Akuluakulu agawane ana, aliyense adziwe ana ake anayi kapena asanu, ndipo awerengedwe potsika basi, potuluka m'madzi ndi pokwera basi. Mwana womira sakuwa monga anthu amaganizira. Amangozimirira mwakachetechete anthu akujambulana zithunzi. Womwa mowa asalowe m'madzi. Malo a bango, a udzu ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja apewedwe, chifukwa ndi kumene kumakhala ng'ona ndi mvuu, ndiponso nkhono zofalitsa likodzo. Wina akadzaona magazi m'mkodzo patapita masabata angapo, apite kuchipatala, kaya ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula kapena chilichonse chapafupi, ndipo anene kuti adasamba kunyanja. Likodzo limachizika ndi mapiritsi.

Madzi akumwa anyamulidwe kuchokera kunyumba, owiritsa kapena othira mankhwala. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Madzi a m'nyanja angaoneke oyera ngati galasi, koma si akumwa osawiritsa. Nsomba yogula pagombe idyedwe yootchedwa bwino, ikadali yamoto, m'manja mutasambidwa ndi sopo.

Gombe la anthu wamba lili kuti?

Mabanja akachita mbali yawo, mbali ina ndi ya adindo. Kwa zaka zambiri unduna wa zokopa alendo wakhala ukulimbikitsa anthu ndi mawu akuti "Tidziyamba ndife Amalawi", ndipo September amatchedwa mwezi wa zokopa alendo. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu 2021, amawerengeranso ntchito zokopa alendo ngati njira ina yotukulira dziko. Mawuwo ndi abwino. Koma mlimi wa ku Nsaru akawamvera n'kufika ku Senga Bay, amapeza chiyani?

Amapeza kuti mbali yaikulu ya gombe labwino ili kuseri kwa mipanda ya mahotela, malo ogona alendo ndi nyumba za anthu olemera zimene zimakhala zotseka miyezi yambiri pachaka. Kumene angafike osalipira nthawi zambiri ndi pamene asodzi amakochezera, pamene amayi amachapira ndi kutsukira mbale, popanda chimbudzi chokwanira khamu la alendo, popanda posinthira zovala ndiponso popanda woyang'anira osambira. Mu 2024 madzi a m'nyanja adakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi nyumba zina ku Salima, Mangochi ndi Nkhotakota, zimene zidaonetsa poyera mmene anthu adamangira moyandikira madzi mopitirira muyeso.

Mwini hotela ali ndi ufulu wolipiritsa pamalo amene amawasesa, kuwalondera ndi kuwakhomera msonkho. Palibe amene akuti alendo alowe mwaulere m'malo a eni. Koma nyanja idalipo mahotela asanabwere, ndipo dziko limene limatsekera nzika zake kunja kwa chuma chake chachikulu likudzichita chipongwe. Khonsolo ya boma la Salima, mogwirizana ndi mafumu a kwa Maganga kumene kuli Senga Bay, ndi yoyenera kupatula ndi kuteteza malo odziwika bwino a anthu wamba: okhala ndi chikwangwani pamsewu, poimika basi, zimbudzi zaukhondo, mpopi, mithunzi, zizindikiro zosonyeza polekezera osambira, ndi achinyamata a komweko ophunzitsidwa kupulumutsa omira. Kandalama kochepa ka pageti, kolembedwa poyera ndi kopatsidwa lisiti, kangathe kulipira zonsezi. Popereka malo atsopano m'mphepete mwa nyanja, njira zofikira kumadzi zisiyidwe zotsegula.

Za maboti lamulo lilipo kale. Lamulo la 1995 loona za kayendedwe ka pamadzi a m'dziko muno limapatsa nthambi ya boma ya zapamadzi udindo wolembetsa ndi kuyendera maboti. Chofunika n'chakuti lamulolo lioneke pagombe, osati m'mabuku mokha. Boti lililonse lonyamula alendo lilembedwe pambali pake chiwerengero cha anthu amene limaloledwa kunyamula, m'manambala akuluakulu oti mayi wochokera ku Nambuma awerenge yekha. Apolisi a pamadzi azioneka Loweruka ndi masiku a tchuthi, ngozi isanachitike. Eni maboti nawo angachite bwino kupanga bungwe lawo, kugwirizana mitengo, kuilemba pachikwangwani ndi kudzudzulana okhaokha. Ngozi imodzi imathamangitsa makasitomala a gombe lonse.

Eni mahotela aganizirenso za msika umene akuunyozera. Mlendo wa kunja amabwera nyengo yake, ndipo mliri wa Covid-19 mu 2020 udaonetsa mmene angasowere mwadzidzidzi, zipinda n'kukhala mbee, antchito n'kubwerera kumudzi. Makwaya, sukulu ndi magulu a banki m'khonde a m'boma la Lilongwe lokha ndi ochuluka zedi, ndipo safuna ndege. Mtengo wapadera wa magulu obwera masana okha, wotsika kwa ana a sukulu, ungadzaze gombe masiku amene likadakhala lopanda munthu.

Nawo alendo ochokera kumtunda akumbukire kuti kunyanja ndi kwawo kwa anthu ena. Apereke moni, apemphe asanajambule munthu, asaponde makoka, ndipo avale ndi kuchita zinthu molemekeza eni mudzi, amene ambiri ndi Asilamu. Mabotolo, majumbo ndi zotsalira za chakudya zibwerere m'basi. Kugulako nsomba, mphasa, chipewa chamlaza kapena chosema kwa anthu a komweko ndi njira yothokozera, ndipo kumachititsa kuti gulu lotsatira lilandiridwe ndi manja awiri.

Kodi si kuwononga ndalama?

Ena anena kuti m'nyengo ino ya zinthu zodula, pamene mabanja ena akugona ndi njala, kukamba za ulendo wokasangalala ndi chibwana. Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo n'chifukwa chake chakudya, feteleza ndi fizi ziyenera kukhala patsogolo. Koma aliyense wokhala pamalo a malonda amadziwa kumene ndalama zina za fodya ndi soya zimathera m'miyezi ya June ndi July. Zimathera m'mabala ndi m'malo ogona, bambo atasowa pakhomo sabata yathunthu, n'kubwera ndi ngongole, nthawi zina ndi matenda. Kagawo kochepa ka ndalama zimenezo kangatengere banja lonse ku Senga Bay. Mayi amene wadzuka 4 koloko chaka chonse, kubzala, kupalira, kuthyola ndi kusoka fodya, ali ndi gawo pa phindu la thukuta lake, ndipo tsiku limodzi lopuma ana ake akusewera pamchenga si lochuluka.

Akuluakulu adati mwana wosayenda amayesa amayi ake okha ndiwo odziwa kuphika. Mwana amene waona nyanja amabwera ndi mafunso atsopano. Wina adzafuna kudziwa mmene boti lachitsulo limayandamira, wina chifukwa chimene chambo chikusowera, wina mmene angadzagwirire ntchito pa sitima kapena m'hotela. Dziko limene ana ake sadaone chuma chake silingayembekezere kuti adzachiteteze akadzakula.

Magulu ofuna kupita chilimwe chikubwerachi ayambe msonkhano wotsatira: asankhe tsiku, asankhe msungichuma, atume anthu okaona basi, ndipo alembe m'buku lawo kuti palibe wokwera lole, palibe wokwera boti wopanda jekete, ndipo palibe mwana wolowa m'madzi popanda maso a wamkulu. Khonsolo ya Salima, nthambi ya zapamadzi ndi apolisi achite mbali yawo basi zisanayambe kufika. Madzulo a tsikulo, pamene basi ikuima pa Nsaru kapena pa Namitete, mtsogoleri wa gulu aitane maina m'buku lija, ndipo dzina lililonse liyankhe.